MACHINGA ILI PATI KWENIKWENI?

Lero ndi ya mbiri, koma ndiyambe ndi manyazi anga.

Bambo anga ndi msodzi wa ku Chilwa, doko la Mposa. Pa madzi sasokera, ngakhale kuli chifunga. Akangoona nsonga ya phiri la Chikala basi, adziwa kolowetsa bwato. Koma ine mwana wawo ndinasokera pamtunda masanasana.

Ndinali ku Zomba kogulitsa matemba, foni n'kulira: mayi agonekedwa ku chipatala cha Machinga, bwera ndi ndalama. Ndinakwera minibasi, ndipo kondakitala atakuwa kuti "Machinga Boma!" ndinatsika mwamatama. Kufunsa amayi ena ogulitsa nthochi, anandiyang'ana mwachisoni. "Mwananga, chipatala chachikulu chili ku Liwonde." Ndinakwera ina, ndalama ya mankhwala ikuchepa m'thumba. Ku Liwonde nako, poopa kuoneka wakumudzi, sindinafunse munthu. Minibasi inandiwolotsa mlatho mpaka pa Mangochi Turn Off. Aise, pamenepotu ndinali nditatuluka m'boma la Machinga, ndaima m'boma la Balaka.

Chisokonezo chimenechi chili ndi mbiri yake. Boma lathuli kale linkatchedwa Kasupe, ndipo linali lalikulu, Balaka yense ali momwemo. Balaka anadzakhala boma palokha mu 1998, nthawi ya a Bakili Muluzi, amenenso kwawo ndi ku Machinga komweku. Pa Liwonde malire ake ndi mtsinje wa Shire. Ndiye tauni imene ife timaiona ngati imodzi, mwendo wina uli kuno, wina uli tsidya.

Nanga bwanji maofesi a DC ali kuphiri koma chipatala, msika waukulu ndi siteshoni zili kumtsinje? Chifukwa anthu amatsata madzi ndi njanji. Dzina la Liwonde ndi la mfumu ya Chiyao, ndipo azungu atafika anamanga linga lawo pamenepo kuti azilondera sitima za pamadzi zopita kunyanja. Mu 1965 panamangidwa Kamuzu Barrage, zitseko zoletsa ndi kutsegulira madzi a Shire, kuti makina a magetsi a ku Nkula asamasowe madzi. Mlatho umene unandiwolotsa uja ndi womwewo. Mu 1970 njanji yochokera pa Nkaya inadutsa pa Liwonde kupita ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique. Mu 1973 nkhalango ya Liwonde inakhala malo osungira nyama. Zonsezi zinakokera anthu kumtsinje, Boma n'kutsala phee ndi mitengo yake.

Balaka nayenso ndi mwana wa njanji, ija yochokera ku Blantyre imene inafika ku Salima mu 1935. N'chifukwa chake ukasokera m'tauni ya Balaka, funsa kusiteshoni kapena ku tchalitchi chachikulu cha Akatolika. Palibe wa kabaza amene sadziwako.

Tsiku lija chimene chinandipulumutsa si foni ayi, inali itathima. Ndinabwerera wapansi mpaka pamlatho n'kuima, kuyang'ana madzi monga amachitira bambo. Shire amachokera ku Malombe, kumpoto, kutsikira kumwera. Ukayang'ana kumene madzi akuchokera, dzanja lamanja ndi Machinga, lamanzere ndi Balaka. Chakumanja komweko mukuona phiri la Chinguni. Mutu unakhazikika. Ndinameza manyazi n'kufunsa mdala wina amene ankawedza chapafupi, ndipo anandilozera njira bwinobwino, mpaka kundiuza pokhotera.

Ndinafika nthawi yoonera odwala itatha. Ndinagona pakhonde, udzudzu wa pa Liwonde ukundidya ngati ndili nawo ngongole. M'mawa mayi atandiona, funso loyamba linali lakuti, "Matemba aja unagulitsa onse?"

Tumizirani aliyense amene akupita ku Liwonde koyamba.