Kodi msinkhu wa kagalu umasonyeza kuti ndi ka mtundu weniweni?

Mukafuna kugula kagalu ka mtundu wa Jack Russell Terrier, mwina wogulitsa angakuuzeni kuti kakang'onong'ono ndiko kenikeni, ndipo mtengo wake n'kukwera. Musafulumire kutulutsa ndalama. Msinkhu paokha sunena kanthu za makolo a galu.

Mtundu umenewu unacokera kuti?

Dzinali ndi la m'busa John Russell wa ku Devon, m'dziko la England, amene anabadwa mu 1795 n'kumwalira mu 1883. Iye ankakonda kusaka nkhandwe, ndiye ankafuna galu wothamanga koma wocepa thupi, woti azilowa kuuna n'kutulutsa nkhandweyo. Osaka ankasankha agaluwa poona nchito yawo, osati maonekedwe. N'cifukwa cake mpaka lero ena ndi aatali miyendo, ena aafupi.

Masiku ano bungwe la FCI, limene limalemba mitundu ya agalu m'maiko ambiri, limawagawa pawiri. Jack Russell Terrier wamkulu amatalika masentimita 25 mpaka 30, kuyeza kucokera pansi kufika paphewa, ndipo amalemera makilogalamu 5 kapena 6. Mbale wake, Parson Russell Terrier, ndi wamtaliko: wamphongo amafika masentimita pafupifupi 36, wamkazi 33. Onsewa ubweya wawo wambiri ndi woyera, wokhala ndi mawanga akuda kapena ofiirira.

Nanga bwanji tiagalu tobadwa pamodzi timasiyana?

Kagalu kalikonse kamatengera mbali ina kwa mayi, mbali ina kwa bambo, ndipo sitimatengera mofanana. Kena kamafanana ndi agogo ake. Kenanso kamabadwa kofooka, tinzake n'kumakakankha pabere, basi n'kutsalira pakakulidwe. Njoka za m'mimba ndi cakudya cosakwanira zimapinimbiritsanso kagalu. Conco kucepetsetsa nthawi zina ndi cizindikiro ca matenda.

Palinso cina cimene ambiri sadziwa: galu wamkazi akakweredwa ndi amphongo awiri pa nthawi imodzi ya msambo wake, ana a mimba imodziyo akhoza kukhala ndi abambo osiyana. Kena kangakhale ka mtundu weniweni, kena kosakanizika.

Ndiye mungadziwe bwanji?

Umboni wodalirika ndi cikalata ca mbadwo, cimene cimaonetsa makolo ndi agogo a galuyo, cocokera ku bungwe lolemba agalu. Kuyeza DNA kungatsimikizenso kuti bambo wake ndi uti. Ngati zimenezi palibe, pemphani kuona mayi ndi bambo ake ndi maso anu. Kumbukiraninso kuti agalu aang'ono otere amafika msinkhu wawo weniweni akamayandikira caka cimodzi. Kagalu ka miyezi iwiri simungakaweruze ndi tepi.

Musanakatenge

Musacotse kagalu kwa mayi ake kasanakwane masabata 8. Onani ngati kali ndi maso owala, kakusewera, ndiponso kakudya bwino. Mimba yotupa koma nthiti zikuoneka, kawirikawiri ndi njoka. Funsani ngati kanamwa mankhwala a njoka, ndipo kakakwana miyezi 3 pitani nako kwa dokotala wa ziweto kakabayidwe katemera wa ciwewe.

Ngati mukufuna galu wopha makoswe ndi kukucenjezani pakhomo, wosakanizika wathanzi agwira bwino nchitoyo. Koma ngati mukulipira mtengo wa mtundu weniweni, wogulitsa akuonetseni cikalata musanapereke ndalama.