Kachubu ka Forssmann ndi msewu wa ku Feira

Mu 1929, m'tauni ya Eberswalde ku Germany, dokotala wachinyamata Werner Forssmann anatenga kachubu kotulutsira mkodzo, n'kukalowetsa mumtsempha wa pamkono wake mpaka kanafika mumtima. Kenako anayenda wapansi kupita kuchipinda cha X-ray kukajambulitsa umboni. Akuluakulu ake sanakondwe nazo, ena ankati ndi misala. Mu 1956 analandira mphoto ya Nobel.

Misala imeneyo ndiyo ikupulumutsa ana lero. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima. Limodzi mwa mavutowa ndi kamtsempha kamene mwana amagwiritsa ntchito ali m'mimba, komwe kayenera kutsekeka masiku ochepa atabadwa. Kakapanda kutsekeka, magazi ambiri amathamangira kumapapo. Mwana amapuma mofulumira, amatuluka thukuta poyamwa, ndipo sikelo ya kukiliniki siyenda.

Robert Gross wa ku Boston ndiye anayamba kumanga kamtsemphaka bwinobwino mu 1938, koma anachita kutsegula chifuwa. Mu 1967 Werner Porstmann, ku East Berlin, anakatseka osang'amba chifuwa: anadutsitsa kotsekera kudzera mumtsempha wa pamwamba pa ntchafu. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, William Rashkind wa ku Philadelphia anali atathandiza makanda ndi kabaluni ka kumapeto kwa chubu. Masiku ano mwana amatsala ndi kabala kochepa ngati kambewu ka mapira, ndipo nthawi zambiri amatuluka m'chipatala mawa lake.

Manje tiyeni kwathu. Luangwa Boma, kapena kuti Feira, ili pamene Luangwa amathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Kuchokera pamenepo kukafika ku Lusaka, komwe kuli UTH ndi National Heart Hospital, ndi makilomita oposa 300: kudutsa Katondwe, kukwera mpaka pa Luangwa Bridge, kenako Great East Road ndi mapiri ake.

Kwa ine, mbali yovuta ya nkhaniyi inasamuka. Kale inali mkati mwa mtima, lero ili pamsewuwo. Kachubu sikathandiza mwana amene sanapezeke ndi matendawa. Pafunika nesi woika chomvetsera pachifuwa n'kumva phokoso lachilendo, m'malo mongolemba mankhwala a chifuwa kachitatu. Pafunika kalata yotumizira mwana ku Lusaka, makina ojambula mtima, ndi ndalama ya basi ya mayi amene amadalira nsomba zouma kuti apeze ya ulendo wopita ndi wobwerera.