Mbiri ya Mwayi wa Sukulu m'Dziko la Ntcheu

Mwa nkhani zonse zimene Bungwe lino limakamba chaka ndi chaka, palibe yoposa ya maphunziro a ana. Motero n'koyenera kuti mamembala akumbutsidwe m'mene mwayi wa sukulu udafikira m'dziko la Ntcheu, ndiponso amene adatsalira kunja pa nthawi iliyonse.

Sukulu zoyamba zidadza ndi amishoni. A Livingstonia adamanga pa Livulezi mu 1887, ndipo pambuyo pake adasiyira malowo a Dutch Reformed, amene adamanganso pa Mlanda. A Zambezi Industrial Mission adakhala pa Dombole, a Baptist pa Gowa, ndipo Ansembe a Montfort adafika pa Nzama mu 1901. Masiku amenewo mwayi wa mwana udalira kutalika kwa njira yochokera kwawo kunka kumishoni. Womva belu la tchalitchi ali pakhomo pa amake adaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Wakutali adakula akuweta ng'ombe ndi mbuzi. Atsikana ambiri ankalekeza m'makalasi oyamba, chifukwa ntchito za pamtondo ndi ukwati zinkawaitana msanga.

Boma la Atsamunda, ngakhale linkakhometsa msonkho wa nyumba, lidachedwa kusenzako katunduyu. Mu 1907 lidayamba kupereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mamishoni onse a m'Nyasaland agawane. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko mu 1924 zidadandaula za kuchepa kwa thandizoli, ndipo mu 1926 Boma lidakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro. Mu 1929 lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, yophunzitsa oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo. Koma mabungwe a eni dziko, kuyambira la North Nyasa la mu 1912, sadakhutire, ndipo adalemba makalata opempha sukulu za Boma ndi maphunziro apamwamba. Yankho lidadza mwapang'onopang'ono. Masekondale a Blantyre ndi Zomba adatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940, ndipo sekondale ya Boma ya ku Dedza idatsata mu 1951. Malo adali owerengeka, ndipo pafupifupi onse adali a anyamata.

Chitaganya cha mu 1953, chimene Inkosi Gomani II adachikana kufikira kuchotsedwa pa mpando, chidaika tsankho m'malamulo enieni. Sukulu za ana a Azungu, Amwenye ndi Makaladi zidakhala m'manja mwa Boma la ku Salisbury, pamene za ana a eni dziko zidatsalira Boma losauka la ku Zomba.

Ufulu wa mu 1964 udachotsa tsankho la khungu. Masekondale adachuluka, ndipo Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira oyamba mu 1965. Koma fizi ndi yunifolomu zidakhalabe mpanda wotchinga mwana wa mlimi wosauka. Ndipo ndalama zikaperewera pabanja, wopita kusukulu adali mnyamata. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Boma lidayamba kugawa malo a kuyunivesite potsata kwawo kwa wophunzira, ponena kuti likuthandiza madera otsalira. Ambiri, makamaka a kumpoto, adati nzeru za ana awo zikuponderezedwa. Khoti lidakana njirayi mu 1993. Idabwereranso mu 2009 ndi kuthetsedwa mu 2020. Mkangano wonsewo udali wa malo ochepa a pamwamba, pamene ana ochuluka sankafika ngakhale Sitandade 8.

Kusintha kwakukulu kudadza m'zaka za m'ma 1990. Ndi thandizo la dziko la America, ntchito ya GABLE idachotsera fizi atsikana a kupulayimale osabwereza kalasi, ndipo mu 1993 mtsikana wochembeza adaloledwa kubwerera kusukulu. Mu 1994 Boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya kupulayimale kwa ana onse. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, umboni wakuti chowatsekereza kale sichidali ulesi wa makolo ai, koma umphawi. Komabe zipinda sizidakwane, ana adaphunzira pansi pa mitengo, ndipo Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa ntchito. Mu 1998 malo ophunzirira mwa makalata a MCDE adasandulizidwa masekondale oyendera a m'midzi, koma ambiri opanda mabuku okwanira ndi zipangizo za sayansi. Lamulo la Maphunziro la mu 2013 lidakakamiza kuti mwana aliyense apite kupulayimale, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Mbiriyi ionetsa chinthu chimodzi. Nthawi zonse Boma likagwetsa mpanda umodzi, ana adalowa mwaunyinji, koma adapeza mpanda wina patsogolo. Woyamba udali mtunda, wachiwiri khungu, wachitatu fizi. Wotsala ndi wa sukulu yokhala ndi khomo lotseguka koma yosowa mphunzitsi, buku ndi njira yoyendamo mwana wolumala. Ndipo mpanda uliwonse udagwa anthu atayamba alankhula, monga adachitira mabungwe a makolo aja.

Chifukwa chake ntchito ya Bungwe lino sidathe. Membala aliyense adziwe ana a m'mudzi mwake amene asiya sukulu, makamaka atsikana, amasiye ndi olumala. Afunse chimene chawaletsa, ndipo nkhaniyo aitengere kwa anyakwawa, ku komiti ya sukulu ndi ku Khonsolo ya Ntcheu. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidzamfikira mwanayo ngati a pamudzi pake akhala chete.