Chikomekome cha Mkuyu: Mbiri ya Makalata Aulere a pa Intaneti

Pa boma la Nkhotakota pali mtengo waukulu wa mkuyu umene umakumbutsa anthu za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe m'chaka cha 1863. M'masiku amenewo Nkhotakota lidali doko lotchuka pa malonda. Zombo zinkachokera kutsidya kwa nyanja zitanyamula nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo pobwerera zinkadzaza minyanga ya njovu ndi akapolo. Maso a anthu ambiri adagwa pa kukongola kwa katunduyo, koma mtengo wake weniweni udali miyoyo ya abale awo. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ukugwirizananso ndi mbiri ya malonda ena a m'nthawi yathu ino, amene adayamba ndi makalata aulere a pa intaneti.

Pa 4 Julaye 1996, anyamata awiri okhala ku California m'dziko la America, Sabeer Bhatia ndi Jack Smith, adakhazikitsa Hotmail. Isanafike nthawiyo, munthu wofuna keyala ya imelo ankayenera kuipeza kudzera kuntchito, kusukulu yaukachenjede kapena kukampani imene ankailipira mwezi ndi mwezi. Hotmail idasintha zimenezi polola aliyense kutsegula keyala yake popanda kulipira, ndi kuwerenga makalata ake pa kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku intaneti. Pofika mu Disembala 1997, anthu opitirira 8 miliyoni adali atalembetsa, ndipo kampani ya Microsoft idagula Hotmail pamtengo wa madola pafupifupi 400 miliyoni. M'chaka chomwecho Yahoo idayambitsa makalata ake aulere, ndipo Gmail idatsatira pa 1 Epulo 2004.

Funso ndi lakuti: ngati wolemba kalata salipira, nanga makampani amenewa amapeza bwanji phindu? Yankho lake ndi mauthenga otsatsa malonda. Pamwamba kapena m'mbali mwa tsamba la makalata pamakhala malo amene amagulitsidwa kwa amalonda. Wowerenga salipira ndi ndalama, koma amalipira ndi maso ake. M'kupita kwa zaka, kugulitsa malo amenewa kudasanduka msika waukulu wokhala ndi amkhalapakati ambirimbiri. Makina ndiwo adayamba kuchititsa malonda, kotero kuti munthu akangotsegula tsamba, malo aja amagulidwa mphindi isanathe n'komwe. Motero mwini tsamba sakadathanso kuona ndi maso uthenga uliwonse umene unkaonekera kwa owerenga ake. Apa ndi pamene akathyali adapezera mpata.

Njira zimene akathyaliwa adagwiritsa ntchito zidali ziwiri, ndipo msodzi wa kunyanja angazimvetse msanga. Yoyamba ikufanana ndi mbedza ndi nyambo. Uthenga umalonjeza mphoto kapena kuopseza kuti kompyuta yagwidwa ndi vayirasi, ndipo munthu akadina pamenepo, pulogalamu yoipa imalowa. Chitsanzo chodziwika chidachitika mu Seputembala 2009 pa tsamba la nyuzipepala ya New York Times. Anthu ena adagula malo podzionetsa ngati kampani ya matelefoni ya Vonage. Poyamba ankaonetsa uthenga wabwinobwino, koma pambuyo pake adausintha ndi kuikapo chenjezo labodza lokakamiza owerenga kugula pulogalamu yachinyengo yochotsera mavayirasi.

Njira yachiwiri ndi yoopsa koposa, ndipo ikufanana ndi usodzi wa usipa. Usiku asodzi amayatsa nyali pabwato, usipa n'kusonkhana potsata kuwalako, kenaka khoka la chilimira limauzinga. Usipawo sumeza nyambo iliyonse; kulakwa kwake ndi kungoyandikira kuwala. Chimodzimodzinso, mauthenga ena ankabisa malangizo amene ankagwira ntchito munthu asanadine paliponse. Tsamba likangotseguka, malangizowo ankalumikiza kompyuta mwakachetechete ku makina a akathyali. Makinawo ankafufuza ngati mapulogalamu monga Java ndi Flash adali akale ndi okhala ndi ming'alu, ndipo akapeza mng'alu ankalowetsa pulogalamu yoipa mwini wake osazindikira kanthu.

Zoterezi zidaonekera poyera kumayambiriro kwa chaka cha 2014. Pa 3 Januwale, akatswiri a kampani ya Fox-IT ya ku Netherlands adalengeza kuti mauthenga ena otsatsa malonda ochokera ku makina a Yahoo ankafalitsa mapulogalamu oipa kudzera m'ming'alu ya Java. Iwo adayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 27,000 ankagwidwa pa ola lililonse, makamaka m'mayiko a Romania, Britain ndi France. Imodzi mwa mapulogalamuwo idali ZeuS, imene ntchito yake ndi kuba mawu achinsinsi a kubanki. Yahoo idavomereza za vutoli ndi kuchotsa mauthengawo. Komabe pa 28 Julaye 2015 chiwembu china chidayambika pa masamba a kampani yomweyo, ulendo uno kudzera mu Flash, ndipo chidatha pafupifupi sabata yathunthu akatswiri a Malwarebytes asanachiulule. Mu Malichi 2016 masamba a BBC, MSN ndi AOL nawonso adanyamula mauthenga ofalitsa mapulogalamu amene amatseka zolemba zonse za m'kompyuta mpaka mwini wake atapereka dipo.

Kodi nkhani imeneyi ikuwakhudza bwanji Amalawi? Imelo idafika m'dziko muno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera ku Chancellor College ku Zomba, ndipo kampani ya MalawiNet idayamba kugulitsa intaneti kwa anthu m'chaka cha 1997. Popeza makompyuta adali okwera mtengo, anthu ambiri ankapita kumalo olipira pa mphindi otchedwa intaneti kafe. Kwa mphunzitsi wofunsira maphunziro, wophunzira wofuna ntchito, kapena mayi wolembera mwana wake ku Johannesburg, keyala ya Yahoo kapena Hotmail idali chithandizo chachikulu, chifukwa kalata ya papositi inkatenga masabata pamene imelo inkafika tsiku lomwelo. Ngakhale ogwira ntchito m'maofesi ambiri ankalemberana makalata a ntchito pogwiritsa ntchito makeyala aulerewa.

Koma m'malo oterewa ngozi inkakula pa zifukwa zitatu. Choyamba, kompyuta imodzi inkagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri pa tsiku, choncho ikagwidwa, mawu achinsinsi a aliyense wokhala pampandowo ankakhala pangozi. Chachiwiri, intaneti idali yochedwa ndi yokwera mtengo, motero eni makompyuta ankazengereza kulandira zigamba zotsekera ming'alu zimene opanga mapulogalamu ankatumiza. Makompyuta ambiri adapitirizanso kugwiritsa ntchito Windows XP ngakhale Microsoft idaleka kuisamalira pa 8 Epulo 2014. Chachitatu, anthu ankasunga zolemba zawo pa fulashi, ndipo kafulashi kamodzi kankatha kusamutsa vayirasi kuchokera ku kafe kupita kusukulu kapena kuofesi, monga momwe bwato limasamutsira namasupuni kuchokera padooko lina kufika pa lina.

Mayiko ndi makampani sadakhale chete. Mu 2015 pulogalamu yotsegulira masamba ya Chrome idaleka kulola Java, ndipo pa 31 Disembala 2020 kampani ya Adobe idathetseratu Flash. Zimenezi zidang'amba khoka lija, kotero kuti mapulogalamu olowa okha munthu asanadine adachepa. Kuno kwathu, m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene lidaika kufalitsa mavayirasi ndi kuthyola makompyuta a ena m'gulu la milandu, ndipo lidapatsa bungwe la MACRA udindo wokhazikitsa gulu lothana ndi ziwembu za pa intaneti. Ngakhale zili choncho, mu Febuluwale 2024 yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza ziphaso zoyendera kudaima chifukwa akathyali adalanda makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka, ndipo ankafuna dipo. Ichi chidali chizindikiro chakuti Malawi sali patali ndi nkhondo imeneyi.

Khoka litang'ambika, akathyali adabwerera ku mbedza. Mu Disembala 2022 apolisi a FBI ku America adachenjeza kuti zigawenga zikugula malo otsatsira malonda podzionetsa ngati makampani odziwika, ndi cholinga chakuti anthu atenge mapulogalamu abodza. Nyambo idasamukiranso m'mafoni. Lero wogulitsa mpunga ku Nkhotakota, msodzi wa ku Chia ndi wodula nzimbe ku Dwangwa amasunga ndalama zawo mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ambiri a iwo amaona mauthenga otsatsa malonda pa foni yomweyo. Chimene kale chinkangoononga zolemba za mu kafe, tsopano chingathe kukhudza ndalama za fizi ndi za feteleza.

Mbiri imeneyi sikuphunzitsa kuti makalata aulere ndi oipa, pakuti adatsegulira anthu osauka khomo lolumikizana ndi dziko lonse. Phunziro lake ndi lakuti chinthu chaulere chimakhala ndi wina amene akuchilipira, ndipo wanzeru amafunsa kuti wolipirayo ndani ndipo akufunanji. Amalandira zigamba za mapulogalamu ake pa nthawi yake, sadina uthenga womulonjeza mphoto ya mpikisano umene sadalowe, sakhulupirira chenjezo lotulukira mwadzidzidzi, ndipo saulula nambala yake yachinsinsi kwa wina aliyense. Ana a ku Nkhotakota amadziwa kuti nkhuyu yakupsa sadya osaibanda. Munthu amayamba waing'amba ndi kusuzumira m'kati mwake.