Chamba ndi Lamulo m'Dziko la South Africa

Lamulo loletsa chamba limene linakhazikitsidwa ku Natal m'chaka cha 1870 silinali la anthu onse ai. Linatchula mtundu umodzi wokha, ndiwo Amwenye amene anatengedwa kwao pa chipangano kudzagwira nchito m'minda ya nzimbe. Eni minda anali kudandaula kuti fodya ameneyu afooketsa anchito. Tsono chimene chinawadetsa nkhawa ndicho nzimbe zosadulidwa, osati moyo wa wodulayo. Ku migodi ya golide ya ku Joni kunali kwina, pakuti mabwana ambiri anangolekerera, poyesa kuti munthu wosuta apirira nchito ya pansi.

Mu 1922 chiletso chinafikira dziko lonse, ndipo chaka chotsatira boma la Jan Smuts linapempha bungwe la League of Nations kuti chamba chiwerengedwe pamodzi ndi mankhwala oopsa. Katundu wa chiletsocho anagwera alimi a kumapiri, amene analibe mbeu yina yogulitsa. Mu 1956, pafupi ndi Bergville, apolisi asanu amene anapita kukaononga minda anaphedwa ndi eni mindayo, ndipo mu 1957 amuna 22 ananyongedwa pa mlandu umenewu. Lamulo la 1971 linaposa onse kuwawa kwake: wopezeka ndi chamba choposa magalamu 115 anayesedwa wogulitsa, ndipo chilango chake sichinachepere zaka zisanu m'ndende. Ngakhale tsankho litatha mu 1994, ndege za apolisi zinapitirizabe kuwaza mankhwala pa minda ya ku Pondoland, ndipo mankhwalawo sanasiyanitse chamba ndi chimanga.

Ufulu unadza pa 18 September 2018, pamene Khoti Lalikulu la Malamulo linagamula mlandu wa Gareth Prince, Mrasta wophunzira za malamulo, kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta pa malo ake a yekha. Mau akuti "malo a yekha" ngokoma m'khutu, komatu amkomera iye amene ali ndi nyumba ya mpanda ndi bwalo kuseri. Nanga wogona m'chisakasa cha malata pamodzi ndi anzake asanu, malo ake a yekha ali kuti?

Kugulitsa kunakhalabe mlandu, ndipo lamulo limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu 2024 silinasinthe ichi. Chilolezo cholima chamba cha mankhwala chinalipo ndithu, koma chinafuna mipanda, alonda ndi nyumba zoyesera mbeu, zinthu za makampani a chuma. Motero mlimi wa ku Pondoland, amene makolo ake anamangidwa chifukwa cha mbeu imeneyi, anatsala kunja. Choonjezera pa bvuto lake, ogula ake akale a m'mizinda anayamba kudzilimira okha mitundu yaukali yochokera kunja, ndipo mtengo wa chamba cha kumapiri unagwa.