Dodgers: Timu Yomwe Idasiya Kwawo

Usiku wa pa 24 Sepitembala 1957, anthu 6,702 okha ndiwo adalowa m'bwalo la Ebbets Field ku Brooklyn, bwalo lomwe linkatha kulandira anthu oposa 30,000. Timu yawo ya Dodgers idagonjetsa Pittsburgh Pirates, koma chimwemwe chidali chochepa. Manong'onong'o adali atafika kale khomo ndi khomo akuti timuyo ikusamuka, ndipo patangotha masabata awiri eni ake adalengeza kuti nkhaniyo idali yoona.

Dodgers ndi timu ya masewera a baseball, omwe anthu a ku America amawakonda monga momwe maiko a mu Africa amakondera mpira wa miyendo. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi anayi. Wina amaponya kampira kolimba, mdani wake nakamenya ndi chibonga, kenaka nathamanga kuzungulira malo anayi oimapo. Akabwerera pomwe adayambira, ndiye kuti timu yake yapata chigoli.

Timuyi idabadwa m'chaka cha 1883, Brooklyn adakali mzinda woima pawokha, pakuti adaphatikizidwa ku New York mu 1898. Idalowa mu National League mu 1890. Dzina lake lidachokera m'misewu: ku Brooklyn kudali tisitima tamagetsi toyenda pakati pa anthu, ndipo oyenda pansi ankayenera kuzinda kuti asagundidwe. Dzina loti Dodgers, kutanthauza ozinda, lidayamba ngati chipongwe, koma eni dera adalikonda. Ambiri mwa iwo adali antchito a m'mafakitale ndi kudoko, ana a anthu obwera kuchokera ku Ireland, ku Italy, ndiponso Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Bwalo la Ebbets Field litatsegulidwa mu 1913, anthu osiyana zinenero ndi zipembedzowa adapeza malo amodzi okuwira pamodzi. Bwalolo lidali lothithikana kotero kuti wochemerera ankatha kulankhula ndi wosewera, ndipo osewera ambiri ankakhala m'makwalala momwemo ngati anansi.

Chinthu chachikulu koposa chomwe timuyi idachita sichidali kutenga chikho. Kwa zaka pafupifupi 60, maligi akuluakulu a baseball sankalola munthu wakuda. Lamulo lolembedwa padalibe. Eni matimu adangogwirizana chinunu. Akuda adali ndi maligi awoawo, a osewera aluso koma a malipiro ochepa. Mu Ogasiti 1945, mkulu wa Dodgers, Branch Rickey, adaitana Jackie Robinson wa timu ya akuda ya Kansas City Monarchs. Adamuuza kuti adzatukwanidwa ndi kuputidwa dala, ndipo adamupempha kulonjeza kuti sadzabwezera.

Pempholi lidali lolemera chifukwa Robinson sadali munthu wofatsa mwachibadwa. Mu 1944, ali msilikali, adaimbidwa mlandu kubwalo la asilikali atakana kukakhala kumbuyo kwa basi, ngakhale adapezeka wosalakwa. Komabe adavomera. Atasewera chaka chimodzi ku Montreal, adavala malaya a Dodgers a nambala 42 pa 15 Epulo 1947. Anzake ena a m'timu momwemo adayamba kusonkhanitsa maina okana kusewera naye, koma mphunzitsi wawo, Leo Durocher, adawadzudzula kolimba. Adani ankamuponda ndi nsapato za misomali, makalata omuopseza ankafika, ndipo mahotela ena ankamukaniza malo ogona. Iye ankangoyankha ndi chibonga ndi liwiro. Adasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu 1947, ndipo mu 1949 adakhala wosewera wopambana mu ligi yonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa Robinson kudamudyera thanzi: adamwalira mu 1972 ali ndi zaka 53 zokha.

Rickey sadali mngelo ai. N'zoona kuti adali Mkhristu wodana ndi tsankho, komanso adali wamalonda woona patali, wodziwa kuti akuda adzabweretsa zigoli ndi ogula matikiti. A Monarchs sadawapatse ngakhale kakobiri powatengera wosewera wawo, ndipo maligi a akuda adafota pang'onopang'ono nyenyezi zawo zitatengedwa. Ngakhale zili choncho, chitseko chidatseguka ku Brooklyn zaka zisanu ndi ziwiri khoti lalikulu la dzikolo lisanathetse tsankho m'masukulu mu 1954. Pambuyo pa Robinson padabwera Roy Campanella ndi Don Newcombe.

Chikho chachikulu cha World Series ndiye chinkangowapulumuka m'manja. Mu 1941, 1947, 1949, 1952 ndi 1953 adafika pa ndime yomaliza, ndipo kasanu konseko adagonja kwa anansi awo olemera, New York Yankees. Ochemerera ankangotonthozana kuti adikire chaka chamawa. Chaka chamawacho chidafika pa 4 Okutobala 1955, pomwe mnyamata woponya mpira, Johnny Podres, adawamana chigoli a Yankees m'masewera otsiriza. Brooklyn yense adavina m'misewu, osadziwa kuti chikho choyambachi chidalinso chotsiriza.

Mwini timu panthawiyo, Walter O'Malley, adaona kuti bwalo lakalamba, malo oimika galimoto ndi ochepa, ndipo mabanja ambiri akusamukira kunja kwa mzinda. Adapempha akuluakulu a New York kuti amuthandize kupeza malo omangapo bwalo latsopano pakati pa Brooklyn. Robert Moses, yemwe adali ndi mphamvu pa zomangamanga mumzindawo, adakana, namuloza ku Queens. Apo n'kuti mzinda wa Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000 kumadzulo, utatambasula kale manja. Olemba mbiri amatsutsanabe za yemwe adalakwa kwambiri pa awiriwa. Chosatsutsika n'chakuti timuyo sinkaluza ndalama, ndipo anthu omwe adaichemerera kwa zaka 74 sadafunsidwe maganizo awo.

Ku Los Angeles timuyi idatenga chikho mu 1959, nipitiriza kuchitenga kangapo m'zaka zotsatira. Koma nakonso kudali olira. Bwalo la Dodger Stadium, lotsegulidwa mu 1962, lidamangidwa ku Chavez Ravine, komwe kudali midzi ya mabanja ochokera ku Mexico. Ambiri adali atasamutsidwa kale ndi lonjezo la nyumba za boma zomwe sizidamangidwe, ndipo otsalawo adatulutsidwa ndi apolisi mu 1959. Ana awo ena adayamba kulowa m'bwalolo mu 1981, pofuna kukaona Fernando Valenzuela, woponya mpira wochokera ku Mexico.

Ku Brooklyn, Ebbets Field idagwetsedwa mu 1960, ndipo pamalopo padamangidwa nyumba zosanja zogonamo anthu. Chimpira chachitsulo chomwe chidaphwanya makoma ake adachipaka utoto woyera ndi mizere yofiira, kuti chioneke ngati mpira wa baseball.