Majete: nkhalango yomwe inayamba yagula nyama isanaitane alendo

Ukatsika chitunda cha Thabwa kuchokera ku Blantyre, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kukhotera kumpoto pa boma la Chikwawa, umakafika pa chipata cha nkhalango ya Majete. Masiku ano pachipatapo pamaima magalimoto a mabanja, mabasi a ana asukulu ndi azungu a makamera awo, aliyense akulipira kuti alowe. Mu 2003 panalibe wolipira pamenepa, ndipo kunena zoona panalibenso choti munthu alipirire.

Dera limeneli linayamba kale kuona alendo. Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yake ya Ma Robert, koma atafika pa mathithi a Kapichira sitimayo sinathe kupitirira. Ena mwa Amakololo amene anabwera naye m'maulendo akewo anakhazikika kuchigwaku n'kusanduka mafumu, ndipo ufumu wa Kasisi, umodzi mwa maufumu oyandikana ndi Majete, unachokera kumeneko. Boma la atsamunda linapatula nkhalangoyi mu 1955 kuti ikhale yosungiramo nyama, ndipo pambuyo pake malire anakuzidwa mpaka kukafika ku mitsinje ya Shire ndi Mkulumadzi, kuti nyama zizipeza madzi m'chilimwe. Kukula kwake kunafika pafupifupi masikweya kilomita 700.

Kulemba malire pa pepala n'kosavuta. Chomwe chinavuta ndi kuwalondera. Zipembere zinatha, mikango inatha, njati nazo zinapita. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique mfuti zinkadutsa malire mosavuta, malonda a minyanga anali pa moto, ndipo pofika mu 1992 mu Majete munalibe njovu ngakhale imodzi. Otchera makhwekhwe ndi a mfuti za gogodera anamaliza nyama zing'onozing'ono, odula mitengo ndi ootcha makala n'kumalowa momwe afunira. Agemu analipo 12 okha, opanda galimoto yodalirika. Sitingawaimbe mlandu anthu amenewa: munthu woyenda pansi sangalondere nkhalango yaikulu chotere, makamaka pamene wakubayo ndi mnansi wake amene akusowa ndiwo.

Zinthu zinatembenuka mu 2003, pamene boma la Malawi, kudzera ku nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire, linasainirana mgwirizano wa zaka 25 ndi bungwe la African Parks. Bungweli linali litangoyamba mu 2000, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali mkulu wa bizinesi wachuma wa ku Netherlands, Paul Fentener van Vlissingen. Majete ndiyo inali nkhalango yoyamba kuti bungweli liitenge. Malo anakhalabe a boma, malamulo anakhalabe a boma, koma kuyendetsa ntchito, kulemba antchito, kusaka ndalama ndi kutolera za pachipata zinapita m'manja mwa bungwelo. Ena anadandaula kuti chuma cha dziko chaperekedwa kwa alendo, ndipo dandaulo limeneli silinatheretu mpaka lero.

Amene amaganiza zoyamba bizinesi yokopa alendo nthawi zambiri amayambira pa zipinda zogona, bala ndi chikwangwani cha pamsewu. A ku Majete anayambira kwina. Iwo anali ngati wogolosale amene walandira sitolo yopanda kanthu m'mashelefu, choncho ntchito yoyamba inali kupikula katundu ndi kukhoma loko. Loko wake unali mpanda wa waya wamagetsi wotalika makilomita oposa 140, wozungulira nkhalango yonse. Mpandawu unali ndi ntchito ziwiri: kutsekereza opha nyama kuti asalowe, komanso kutsekereza nyama kuti zisatuluke kukadya chimanga ndi mapira a anthu. Ntchito yachiwiriyi ndi imene imaiwalika, chonsecho ndi imene imachititsa kuti mudzi ulolere kukhala pafupi ndi njovu.

Mpandawo uli mkati momangidwa, nyama zinayamba kufika pa malole. Zipembere zakuda zinafika mu 2003, pamodzi ndi njati, mphalapala, mbidzi ndi nswala m'zaka zoyambirirazo. Njovu 70 zinachokera ku Liwonde mu 2006. Mu 2009 kunabwera njovu za ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, zomwe zinali zitasautsa anthu kwa zaka zambiri, kuononga minda ndi kupha anthu. Zomwe zinali tsoka ku Mangochi zinakasanduka chokopa alendo ku Chikwawa. Anyalugwe anafika mu 2011, ndipo mu 2012 mikango inabwera pa ndege kuchokera ku South Africa. Inanyamuka inayi, umodzi unafera m'njira, yotsalayo n'kupatsidwa maina akuti Sapitwa, Chimwala ndi Shire. Apa Majete inakwanitsa nyama zisanu zomwe alendo akunja amazifunitsitsa: njovu, chipembere, njati, nyalugwe ndi mkango. Akadyansonga anadzabwera mu 2018, akakwiyo mu 2019, mimbulu mu 2021.

Taonani kuti mikango inabwera patatha zaka 9. Sikunali kuchedwa kwa ulesi ayi. Mkango umadya nyama zinzake, ndiye ukaubweretsa nswala ndi mbidzi zisanaswane mokwanira, ndalama zonse zomwe unagulira nyamazo zimathera m'mimba mwake. Zaka zonsezo ndalama zinkangotuluka: malipiro a agemu, misewu, zitsime za nyama, mafuta a galimoto, kukonza mpanda tsiku ndi tsiku. Za pachipata sizikanakwanira ngakhale pang'ono, ndipo dzenjelo ankalikwirira ndi mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino akunja. Munthu wamba wotenga ngongole ku banki sakanapirira zaka zimenezi, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya Majete siyenera kukambidwa ngati kuti aliyense wolimbikira angaibwereze.

Malo ogona anabwera motsatira nyama. Thawale ndi malo a matenti omwe oyendetsa nkhalango amayang'anira okha. Mkulumadzi, malo apamwamba omwe ali pafupi ndi pomwe mtsinje wa Mkulumadzi umathira mu Shire, anatsekulidwa mu 2011 ndipo amayendetsedwa ndi kampani ya Robin Pope Safaris, yomwe imalipira nkhalangoyo chifukwa chochitiramo malonda. Palinso malo omangapo matenti otsika mtengo, omwe phindu lake limapita ku midzi yozungulira. Mtengo wolowera nawo unasiyanitsidwa, Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja. Nzeru imeneyi inaoneka phindu lake mu 2020, pamene Covid-19 inaimitsa ndege: amene anapitiriza kubwera anali anthu a konkuno, ambiri ochokera ku Blantyre, poti ndi ulendo woti munthu apita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Nkhani ya midzi ndiyo yovuta kuposa zonse. Mpanda unatseka njira ya kunkhuni, kuudzu ndi kunyama, zinthu zomwe makolo ankatenga osapempha munthu. Pofuna kuziziritsa mitima, oyendetsa nkhalango amalola anthu kulowa pa nyengo yake kukamweta udzu wofolera ndi kudula nsungwi ndi bango moyang'aniridwa. Analemba ntchito anthu a m'midzi yomweyo, akulipirira ana sukulu, ndipo alimi a njuchi amagulitsa uchi wawo kudzera ku nkhalangoyo. Kaya zimenezi zikulingana ndi zomwe anthu anataya, yankho limatengera amene wamufunsa: mayi amene mwana wake ndi gemu sayankha mofanana ndi bambo amene anagwidwa ndi khwekhwe. Chomwe chili poyera n'chakuti chibwerereni zipembere ndi njovu mu Majete, bungwe la African Parks likuti palibe ngakhale imodzi yomwe yaphedwa ndi opha nyama mozemba, ndipo zoterezi sizitheka ndi mfuti za agemu zokha anthu ozungulira atakana.

Boma litaona zimenezi, mu 2015 linapereka nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota ku bungwe lomweli. Njovu za mu Majete zinali zitaswana mpaka kuyamba kuchuluka, moti pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ntchito yomwe Prince Harry wa ku Britain anabwera kudzathandizako, zina zinachokera ku Liwonde, zina mu Majete momwemu.